Aciclovir wa kirimu ndi wa mapilisi: amagwira, koma safuna wochedwa

Ndiyambe ndi malikisi kuti amene bandulo yanu yatsala pang'ono musachite kufika pansi. Kirimu wa aciclovir, uja wa mukatchubu kolembedwa 5% wopaka pa matuza a pamlomo, ndamupatsa 2 ndi theka pa 5. Mapilisi ake ndawapatsa 4 pa 5. Mankhwala ake ndi amodzi omwewo koma ntchito yake ndiye yasiyana kutali, ndipo onsewa ali ndi khalidwe limodzi loti akapanda kukuuzani pogula mudzangoti anakuberani ndalama: mukachedwa kuyamba, sachita zambiri.

Ineyo ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, nde mundikhululukire pakati apa ndilowako m'kalasi, ndi matenda athu aziphunzitsi. Komanso ndine mmodzi wa anthu aja oti akangodwala malungo, kapena dzuwa la Okutobala likawawamba bwinobwino, pamlomo pamatuluka timatuza tamadzi tija, kwathu amati malungo atulukira pakamwa. Si malungo amatulukawo ayi, ndi kachilombo ka herpes simplex 1 kamene kamangokhala phee m'thupi kudikira kuti ufooke. A WHO amati anthu oposa mabiliyoni atatu ndi theka osafika zaka 50 ali nako, ambiri sakudziwa n'komwe poti sikawatulutsa kanthu, ndiye musamatiyang'ane ngati tinachimwa tokha. Kirimuyu ndamugwiritsa ntchito ndekha kwa zaka ndithu. Mapilisi sindinamwepo, ndinawadziwira kwa azakhali anga atagwidwa mashingozi, ine ndi amene ndinkawawerengera.

Tiyambe ndi kirimu. Katchubu kake ndi kakang'ono zedi, ukakalandira pa kauntala umadzifunsa kuti ndalama yonse ija ndalipira kameneka? Koma poti umangofinya kadontho kamakutengera ndithu. Ndi woyera, wolimbirako, alibe fungo, sawawa popaka, koma akauma amasiya choyera pamlomo moti ana a Fomu 3 amasiya bolodi n'kumayang'ana pakamwa pako, wina wolimba mtima kumbuyo n'kunong'ona kuti aphunzitsi lero atafuna choko kkkk. Kapepala kamkati kamati upake ka 5 pa tsiku, maola 4 aliwonse kupatula usiku, kwa masiku 4 kapena 5. Kuwerenga n'kophweka. Koma pamlomo si pamkono abale, umwa tiyi wachoka, udya nsima ndi therere wachoka, ulankhula maperiyodi atatu otsatizana wanyambita wekha osadziwa, ndipo nthawi iliyonse uyenera kusamba m'manja usanapake komanso utapaka chifukwa chala chimenecho chikapita m'diso ndi nkhani ina yaikulu.

Zotsatira zake kwa ine zili pawiri. Pali nthawi ija pamlomo pamayamba kunyerenyesa, kutentha pang'ono, kuyabwa kosadziwika bwino, ukayang'ana pagalasi palibe chilichonse koma iwe mwini wake ukudziwa kuti mlendo uja akubwera. Ukapaka pamenepo, matuza amatuluka ochepa, pena kamangotuluka kamodzi n'kuuma msanga. Koma ukadzuka m'mawa n'kupeza atuluka kale, alundana ngati anapangana, kupaka kumangokhala kodzitonthoza, chilonda chimayenda ulendo wake wonse, kuphulika, nkhanambo, kung'ambika ukaseka, mpaka sabata ndi masiku. Ndipo akafukufuku amene anayesa kirimuyu pa anthu ambirimbiri anapezanso zosasangalatsa kwenikweni, amangofupikitsa chilonda ndi theka la tsiku kapena tsiku limodzi basi. N'chifukwa chake sindingamupatse malikisi ambiri.

Funso nlakuti chifukwa chiyani nthawi ili yofunika chonchi, ndipo apa ndi pamene nkhani imandikomera ine, chifukwa yankho lake lili mu mmene kachilomboka kamapakirira katundu wake.

Kakakhala kogona kamakhala mu mfundo ya mitsempha mkati mwa mutu, chakufupi ndi khutu, imene madokotala amaitcha trigeminal ganglion. Kakadzuka kamatsetsereka ndi mtsempha mpaka kukafika pakhungu la mlomo, n'kulowa m'maselo a pamenepo, DNA yake n'kukalowa mu nyukiliyasi, kachipinda ka mkati mwa selo kosungiramo DNA. Mmenemo mumayambika ntchito ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba ndi kukopera DNA ya kachilomboka, ndipo siikopedwa imodziimodzi n'kuika padera ayi, imatuluka chingwe chimodzi chachitali cha makope ambiri olumikizana, kope lililonse lili ndi zilembo pafupifupi 152,000. Yachiwiri ndi kumanga zigoba za mapuloteni zoti DNA ija ilowemo, azasayansi amati capsid.

Chigobachi sichimangidwa mwachisawawa. Puloteni imodzi yomweyo imabwerezedwa ka 955, n'kupanga chinthu cha nkhope 20 ndi makona 12. Makona 11 ndi otseka. Kona imodzi yokha ndiyo ili ndi khomo, mkombero wa mapuloteni 12 wokhala ndi kabowo pakati. Pomanga, mkati mumakhala mapuloteni ena ongochirikiza kuti chigoba chisaphwafuke, amenewa amadulidwadulidwa n'kutuluka pamene DNA ikulowa. Kukula kwake ndi mananomita 125, kutanthauza kuti zigoba 8,000 zitandanda pamzere ndi pamene zingakwane milimita imodzi pa rula yanu.

Ana anga m'kalasi ndimawauza chonchi: tikulitse zonsezi ka miliyoni. Chigoba chija chikhala ngati mpira wachikulunga waung'ono wa masentimita 12, ndipo DNA ya kope limodzi ikhala chingwe chonenepa mamilimita 2 koma chotalika mamita 50, theka la galaundi ya mpira. Chingwe chonsecho chilowe mumpiramo kudzera pa kabowo kamodzi, chosapindika mfundo, ndipo chingwe chake si chofewa, ndi cholimba, komanso chimakankhana chokha chifukwa DNA paliponse ili ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi. Sichingalowe chokha olo mutachinyengerera bwanji.

Nde pali kainjini. Dzina lake ndi terminase, kopangidwa ndi mapuloteni atatu. Kamagwira chingwe chachitali chija, kupeza chizindikiro cha pamene kope likuyambira, kudula pamenepo, kukhala pakhomo la chigoba n'kuyamba kukankhira DNA mkati pogwiritsa ntchito ATP, mafuta omwe aja selo limayendera, inde kachilomboka kalibe ake, kamaba a selo lanu lomwelo. Kamakankha, mkati mukudzadza, kukana kukukulirakulira koma iko osaleka, mpaka kakafika pa chizindikiro chachiwiri kamadulanso, n'kuchoka ndi chingwe chotsalacho kukafuna chigoba china chopanda kanthu. Pakhomo paja pamabwera mapuloteni ena kudzatseka. Gulu la Alex Evilevitch mu 2013 linayeza mphamvu imene DNA imakankha nayo makoma a chigobachi, linapeza kuti ndi pafupifupi ka 20 kuposa mphamvu ya mpweya watizungulirawu. Ndipo mu 2019 gulu la Z. Hong Zhou ku UCLA, ku Los Angeles, pogwiritsa ntchito maikulosikopu ya ma elekitironi pa tizilombo towumitsidwa ndi kuzizira koopsa, linaonetsa khomo lija bwinobwino komanso DNA itakulungidwa mizeremizere mkati.

Kupanikizikako si ngozi, ndi dala. Chigoba chodzadza chikatuluka n'kukalowa mu selo lina, chimayenda mpaka kukaima pa kabowo ka nyukiliyasi, chotsekera chija n'kutseguka, DNA n'kuthamangira mkati yokha ndi mphamvu imene kainjini kanaisungira. Ndipo si nthawi zonse ntchitoyi imatheka, akayang'ana mu selo logwidwa amapeza zigoba za mitundu itatu, zina zopanda kanthu poti DNA inalowa n'kupulumuka, zina zidakali ndi zochirikiza zija mkati, zina zodzadza bwino, amazitcha A, B ndi C. Za C zokhazo ndi zimene zimapatsira. Chondidabwitsa china nchakuti tizilombo tina timene timagwira mabakiteriya, tosakhudzana ndi munthu n'komwe, timapakira DNA yawo mwanjira yomweyi, khomo lofanana, kainjini kofanana, moti akatswiri amati tinachokera ku kholo limodzi kalekale.

Tsopano aciclovir amalowera pati? Pa ntchito yoyamba ija yokha, yokopera. Mankhwalawa anapangidwa mofanana ndi chimodzi mwa zilembo zinayi za DNA, cha G, koma chopunduka. Akalowa mu selo labwinobwino amangokhala, sachita kanthu. Akalowa mu selo limene muli kachilombo, enzaimu ya kachilombo komweko yotchedwa thymidine kinase ndi imene imawadzutsa, kenako makina okopera a kachilomboka amawatola poganiza kuti ndi chilembo chenicheni, n'kuwalumikiza pachingwe, basi chingwe chathera pomwepo poti palibe polumikiza chilembo chotsatira. Nzeru zake ndiye zapamwamba, sindikana. Anawapanga ku kampani ya Burroughs Wellcome mu 1974, Howard Schaeffer ndi anzake ndi amene anawasakaniza, ndipo mayi Gertrude Elion ndi gulu lake ndi amene anafukula mmene amagwirira ntchito, mayi amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1988 pamodzi ndi George Hitchings ndi James Black, chonsecho analibe digiri ya PhD. Anayamba kugulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pa dzina la Zovirax, ndipo lero ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira.

Koma mwaona vuto lake? DNA imene yalowa kale m'chigoba n'kutsekeredwa, aciclovir alibe nayo chochita, sikukopedwanso, yangokhala kudikira ulendo. Selo limodzi limamaliza zonsezi pasanathe tsiku, n'kufa, ndipo tuza limene mukuliona pagalasi ndi maselo ofa kale ndi madzi odzadza ndi zigoba zopakira kale. Nthawi ya kunyerenyesa ija ndi pamene makina okopera ali yakaliyakali, apo ndiye mankhwala ali ndi chogwira. Chifukwa chomwechi ndi chimene sachiritsira. Mu mfundo ya mitsempha ija DNA ya kachilombo imangokhala yogona, palibe chikukopedwa, ndiye palibe pomwe chilembo chabodza chingalowere. Munthu akakuuzani kuti ali ndi mankhwala ochotseratu herpes m'thupi, kaya ndi a m'botolo la pa Facebook kaya a mizu, gwirani thumba lanu.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangopanga mankhwala opha kainjini kopakira kaja, makamaka poti maselo a munthu alibe kainjini kotero, ndiye sungavulaze mwini thupi. Anaganiza kale, ndipo alipo. Dzina lake letermovir, anachokera ku kampani ya AiCuris ya ku Germany, kampani ya Merck n'kuwatenga, ndipo a FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, anawavomereza mu Novembala 2017. Amamata pa terminase, DNA imakopedwa ndithu koma siidulidwa bwino ndipo siipakiridwa, zigoba zimangotsala zopanda ntchito. Koma musathamangire ku famase, amenewa amagwira pa kachilombo kamodzi kokha ka banja la herpes, cytomegalovirus, kamene kamazunza anthu oikidwa mafuta a m'mafupa kapena impso za munthu wina. Pa matuza a pamlomo ndi mashingozi sagwira olo pang'ono. Ine zimandiwawa ndithu, kuti njira yake ikudziwika koma ife a pamlomo tidakali ndi kirimu wa nzeru za 1974.

Ndatchula banja. Tizilombo ta herpes togwira anthu timawerengedwa mitundu 8, ndipo tonse timapakira DNA mwanjira ndafotokozayi. Muli ka pamlomo, ka kumaliseche, ka katsabola kamene kamadzabweranso ukakula ngati mashingozi, cytomegalovirus ija, ka Epstein-Barr kamene kanapezeka mu 1964 m'zotupa zimene dokotala Denis Burkitt anafotokoza mwa ana ku Uganda, khansa imene mpaka lero ili m'gulu la zofala kwambiri mwa ana kuno ku Malawi, komanso ka Kaposi sarcoma kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anapeza mu 1994, khansa ya zigamba zakuda pakhungu ija yomwe ambirife tinaionapo kwa achibale. Ndikutchula izi chifukwa ndinamvapo munthu akulangiza mnzake kuti apake aciclovir pa zigamba zoterozo poti akuti zonse ndi herpes. Ayi ndithu. Aciclovir ndi wa atatu oyambawo. Zigamba zakuda, miyendo kutupa, pitani kuchipatala osati ku kauntala.

Tibwere ku mapilisi, kumene ndapereka malikisi ambiri.

Azakhali anayamba ndi kupweteka kwa nthiti mbali imodzi, kuwotcha, kubaya, tonse tinkaganiza za chibayo, kenako timatuza tinandanda kuchokera pamsana kubwera pansi pa bere, mbali yomweyo, osadutsa pakati. Oyandikana nawo nyumba anayamba kale zija zoti akazungulira n'kukumana ndiye kuti munthu wapita. Sazungulira kawirikawiri, chifukwa kachilombo ka katsabola wa paubwana kamagona mu mfundo za mitsempha m'mbali mwa msana, ndipo kakadzuka kamatsata mtsempha umodzi, umene umathera pakati pa chifuwa. Mwamwayi tinapita kuchipatala matuza atangotuluka dzulo lake. Adokotala atangokweza bulauzi anadziwiratu, n'kunena kuti amayi mwachita bwino kubwera msanga, mankhwalawa amafuna pasanathe maola 72 chitulukireni matuza. Analemba 800 mg ka 5 pa tsiku kwa masiku 7. Pawindo la mankhwala anati atha, mukagule kunja.

Apa ndi pamene ndinachotsa malikisi amodzi aja. Ku famase imene ndinapeza kunali a 200 mg okha. Werengani nokha, mapilisi 4 nthawi imodzi, ka 5 pa tsiku, masiku 7, ndi mapilisi 140. Ndinatuluka ndi jumbo yodzadza timakatoni, azakhali ataona anafunsa kuti mwana wa achimwene, onsewa ndi anga ndekha kapena tigawana mudzi wonse? Ndinatchera alamu pa kafoni kawo, 6 koloko m'mawa, 10, 2 masana, 6 madzulo, 10 usiku, n'kujambula mizere pa chikuto cha kope kuti tizichonga, chifukwa ukafika tsiku lachitatu sukumbukiranso kuti a 2 koloko amwa kapena ayi. Mapilisi ake si owawa kwambiri, koma kwa munthu wamkulu amene chakudya sichikulowa, kumeza anayi anayi kasanu ndi ntchito. Chifukwa cha kuchulukaku nchakuti matumbo amayamwa pang'ono chabe, osafika ndi gawo limodzi mwa atatu, ndipo amene alowa m'magaziwo impso zimawatulutsa m'maola ochepa. N'chifukwa chakenso amati uzimwa madzi ambiri, kupanda kutero amatha kuundana mu impso, ndipo amene ali kale ndi vuto la impso anene kwa adokotala kuti awachepetsere. Ife tinaika chigubu pafupi ndi mphasa n'kumawakakamiza, iwo akudandaula za maulendo a kuchimbudzi.

Pali mng'ono wake wa mankhwalawa wotchedwa valaciclovir, amene thupi limayamwa bwino kenako n'kumusandutsa aciclovir yemweyo, ndipo pa mashingozi amamwedwa katatu kokha pa tsiku. Mmene ndinafunsamo ine munalibe, kwina anati angaitanitse koma mtengo anatchulawo ndinangoti zikomo.

Kugwira ndiye anagwira. Patangopita masiku ochepa matuza atsopano analeka kutuluka, akale aja n'kuyamba kuuma, sanafalikire kwina, sanachite mafinya. Poyerekeza ndi anthu ena amene ndinawaona atakhala nawo kunyumba mpaka chilonda chonse kunyeka, kusiyana kulipo koonekeratu. Azakhali anangodandaula za mseru pang'ono ndi mutu. Koma ndinene chilungamo, ululu sunathe ndi mapilisiwa. Zilonda zitapola pamalopo panapitiriza kuwotcha kwa miyezi, olo chitenje kungokhudza ankachita kudzidzimuka, usiku ankagona chammbali atavula bulauzi. Umenewo ndi mtsempha umene unavulazidwa, kachilombo kanabwerera kale kokagona, ndiye aciclovir wina sangathandize, tinabwereranso kuchipatala anakawapatsa mankhwala ena a ululu wa mitsempha. Ndikunena izi kuti wina asamagule katoni yachiwiri ndi yachitatu poganiza kuti matenda sanathe.

Adokotala aja anawapemphanso kuti ayezetse magazi, ndipo anachita bwino, chifukwa mashingozi amatuluka chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndipo kuno kwathu HIV ndi chimodzi mwa zifukwa zake makamaka kwa achinyamata. Koma si chokhacho, ukalamba, matenda a shuga, mankhwala a khansa, zonsezi zimatsitsa chitetezo. Anthu timafulumira kuloza chala tikangoona zipsera pa nthiti kapena pamphumi pa mnzathu, ndipo manyazi amenewo ndi amene amachititsa ena kubisa mpaka maola 72 aja kudutsa. Azakhali anayezetsa, zotsatira ndi zawo.

Kumbali ya ogulitsa, pali kusiyana kwakukulu ndipo ndikanakonda tizikamba zimenezi. Pa famase ina achemwali a pa kauntala asanatenge ndalama anandifunsa kuti, achimwene, matuzawa anayamba liti, ali pati, wodwalayo ali ndi zaka zingati, akumwa mankhwala ena ati? Anandilembera nthawi pa katoni ndi bolopeni, n'kundikumbutsa za madzi. Amenewo ndimabwererako olo mtengo wawo uli wokwererapo. Pa ina, tsiku lina ndikufuna kirimu wa pamlomo, mnyamata anati watha koma tengani uyu ndi chimodzimodzi, kuyang'ana pa tchubu ndi betamethasone, mankhwala a gulu lija ena amadzola kuti ayere. Ameneyo amafooketsa chitetezo cha pakhungu pomwe pali kachilombo, chilonda chimatha kukula. Ndinamubwezera. Werengani tchubu nokha, pakhale palembedwa aciclovir kapena acyclovir, zonse ziwiri ndi zolondola, onani deti yothera ntchito, ndipo gulani pa malo ovomerezeka ndi a PMRA, bungwe loona za mankhwala kuno kwathu, osati pa tebulo la mumsika pamene makatoni akhala padzuwa kuyambira m'mawa. Za mtengo sindilemba nambala, chigwereni kwacha mu 2023 uja mtengo wa lero si wa mwezi wamawa. Chimene ndinganene nchakuti wa dzina lotchuka ndi wamba onse ndi 5% yemweyo, ine ndimagula wotchipa ndipo pamlomo panga sipanaone kusiyana.

Pali malo amene kirimuyu asafikeko. M'diso ayi, mkamwa ayi, kumaliseche amafuna mapilisi olembedwa ndi dokotala osati kupaka, ndipo pa mashingozi kupaka kirimu ndi kungotaya ndalama poti nkhondo ili mumtsempha. Mashingozi akatuluka pamphumi, pachikope kapena pansonga ya mphuno, limenelo ndi tsiku lomwelo kuchipatala, diso limatha kuwonongeka. Amayi oyembekezera afunse kaye kusikelo. Ndipo inu a matuza a pamlomo anzanga, kaya mwapaka kirimu kaya simunapake, khanda la masabata ochepa musalipsompsone, olo apongozi akupatsireni m'manja n'kunena kuti mulandireni mlendo, kachilombo kamene kwa inu ndi kachilonda chabe kwa khanda kamatha kufika ku ubongo. Madzi a m'matuza a mashingozi nawonso angapatse katsabola munthu amene sanadwalepo, ife tinasamutsira ana aang'ono kwa agogo mpaka nkhanambo zitauma.

Kirimu ndimagulabe, koma ndimagula ndili bwinobwino, n'kumusunga m'chikwama cha mabuku, chifukwa kunyerenyesa kuja kumakonda kuyamba usiku kapena pakati pa periyodi, ndipo kuti udikire kuweruka, ukwere minibasi, ukapeze famase yotsegula, zigoba zija zadzadza kale. Wina akandifunsa ngati ndi wofunika kugula matuza atatuluka kale ndimamuuza kuti asunge ndalamayo, apake Vaseline kuti nkhanambo isang'ambike, asiye kutong'ola. Ndipo amene mwalemberedwa mapilisi a mashingozi, funsani kaye ngati ali ndi a 800 kapena a 400 musanavomere a 200, a 800 amakhala 35 okha sabata yonse, koma ndi akuluakulu ndithu, kwa okalamba funsaninso ngati ali ndi aja osungunuka m'madzi.